Sensei akanyamula chikwama

Mu Ogasiti nyenje za ku Japan zimalira ngati mmene zimalirira kwathu kuno mu Okutobala mvula isanagwe. Kumatentha kutentha kwa chinyezi, kotulutsa thukuta ngakhale munthu ali pamthunzi. Ana asukulu amakhala pa tchuthi kuyambira chakumapeto kwa Julaye mpaka kumapeto kwa Ogasiti, koma zitseko za sukulu sizitsekedwa. Pabwalo pamamveka ana a timu ya baseball akukonzekera mpikisano, m'chipinda china ana a bandi akuwomba malipenga, ndipo mu ofesi ya aphunzitsi, pa desiki yakumapeto, pamakhala mnyamata kapena mtsikana wa zaka 22 kapena 24 wochokera ku Glasgow, ku Ohio, ku Kingston kapena ku Durban. Alibe kalasi lero, alibe kalasi mawa. Komabe ayenera kufika m'mawa n'kuweruka madzulo, chifukwa ndi wantchito wa boma la deralo, ndipo tchuthi cha ana si tchuthi chake. Eni akewo masiku oterewa amawatcha masiku otenthetsa desiki. Patsogolo pake pamakhala kalendala yolembedwalembedwa, ndipo zimene akuwerenga pamenepo ndi masiku ochepa amene angapemphe kuti achoke, akaone dziko.

Ambiri mwa achinyamatawa amabwera kudzera mu pulogalamu ya boma la Japan yotchedwa JET. Inayamba mu 1987 ndi anthu 848 ochokera kumayiko anayi okha: America, Britain, Australia ndi New Zealand. Nthawi imeneyo chuma cha Japan chinali pachimake, magalimoto ake ndi mawailesi ake zili m'misika ya dziko lonse, koma mwana wa m'mudzi wa ku Akita kapena ku Kagoshima ankatha kumaliza sukulu asanayankhulepo ndi munthu wa dziko lina. Boma linaganiza zobweretsa alendo achinyamata m'masukulu, makamaka akumidzi. Lero amene ali mu pulogalamuyi amaposa 5,000, ochokera kumayiko ambiri, ndipo South Africa imatumizako ake chaka chilichonse. Pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi alionse ndi othandizira mphunzitsi wa Chingerezi wa ku Japan m'kalasi. Kontilakiti ndi ya chaka chimodzi, ndipo munthu angathe kuwonjezera mpaka zaka zisanu. Kwa zaka zambiri malipiro a chaka choyamba anali ma yen 3.36 miliyoni, kutanthauza ma yen 280,000 pamwezi, mpaka pamene anakwezedwa mu 2025. Ku Tokyo ndalama imeneyi si yambiri. Koma kumudzi, komwe nyumba ndi yotsika mtengo ndipo chakudya chamasana amadya cha kusukulu limodzi ndi ana, wachinyamata wopanda banja amatsala ndi kangachepe m'thumba. Kangachepe kameneko ndiye ulendo.

Mawu oyamba a Chijapani amene mphunzitsi watsopano, sensei m'chiyankhulo cha kumeneko, amawagwira msanga, kupatula moni, ndi nenkyu, masiku a tchuthi cholipidwa. Ambiri amapatsidwa masiku 20 pachaka, ena ochepera. Kuti awagwiritse ntchito amalemba fomu, n'kupita nayo kwa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, amene amadindapo ndi kachidindo kake kofiira. M'madera ambiri, akafuna kutuluka m'dzikolo amalembanso komwe akupita, komwe akagone ndi tsiku lobwerera. Masiku 20 ndi ochepa, choncho amawasoka pamodzi ndi maholide a boma ngati mayi wosoka zigamba. Kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi kuli Golden Week, pamene maholide anayi amagundana: pa 29 Epulo, kenako pa 3, pa 4 ndi pa 5 Meyi. Pakati pa Ogasiti kuli Obon, nthawi imene mabanja amabwerera kumudzi kukasesa manda ndi kukumbukira mizimu ya makolo. Kumapeto kwa Disembala maofesi amatseka chifukwa cha Chaka Chatsopano. Ndipo popeza chaka cha sukulu chimatha mu Malichi n'kuyamba mu Epulo, pakatipo pamakhalanso kampata. Wodziwa kuwerenga kalendala amatha kupereka masiku atatu a nenkyu n'kupeza sabata yathunthu ndi masiku ena pamwamba.

Ulendo woyamba nthawi zambiri umakhala wa m'dziko momwemo, ndipo umakhala wa sitima zoyenda pang'onopang'ono. Tikiti yotchuka ya Japan Rail Pass, imene alendo odzaona malo amakwerera sitima zaliwiro za Shinkansen, siloledwa kwa munthu wokhala ndi chilolezo chogwira ntchito m'dzikolo. Mphunzitsi amagula ina, yotchedwa Seishun 18, yomwe inayamba mu 1982 ndipo imagulitsidwa katatu pachaka, nthawi ya tchuthi cha sukulu. Dzinalo limanena za unyamata ndi zaka 18, koma ngakhale agogo amaigula. Ndi ma yen 12,050 munthu amayenda masiku asanu pa sitima wamba za kampani ya JR, kulikonse kumene njanji yafika. Mtunda wa pakati pa Tokyo ndi Kyoto, umene Shinkansen imaudula m'maola awiri ndi mphindi zochepa, pa sitima wamba umatenga tsiku lonse, kutsika ndi kukwera kangapo.

Ine ndimaikonda nkhani ya tikitiyi chifukwa pa sitima yoima pa siteshoni iliyonse m'pamene mphunzitsi amasanduka mwana wasukulu. M'kalasi iye ndiye mwini chiyankhulo. Akatsegula pakamwa ana 35 amabwereza zimene wanena. Koma pa siteshoni yaing'ono ya m'mapiri, dzuwa litalowa, chikwangwani chili m'zilembo za Chijapani za kanji zokhazokha, iye sangathe kuwerenga dzina la komwe akupita. Ayenera kupita kwa mayi wachikulire wonyamula dengu la ndiwo, kuwerama, n'kufunsa ndi Chijapani chothyokathyoka. Mtima umagunda, lilime limalemera, mawu amene anawaloweza dzulo amathawa. Ndi zomwezo zimene zimamuchitikira mwana wa zaka 13 uja amene amaweramitsa mutu akafunsidwa funso la Chingerezi, amene mphunzitsi ankamuyesa waulesi kapena wamwano. Safunsa anadya phula, koma kufunsa m'chiyankhulo cha eni n'kovuta, ndipo mphunzitsi amene wazilawa yekha amabwerera m'kalasi ali wodekha, wodziwa kudikira yankho.

Ambiri amafika ku Hiroshima, ndipo ena amachita dala kuti afikeko pa 6 Ogasiti, tsiku limene bomba la atomiki linagwa mu 1945. Kwa mwana wa ku America amene anaphunzira nkhondoyo m'mabuku a kwawo, kuima pafupi ndi chigoba cha nyumba imene inatsala pafupi ndi pomwe bombalo linaphulikira, n'kuona mbalame zapepala zikwizikwi zimene ana asukulu amapinda ndi kutumiza kumeneko, ndi phunziro limene palibe anamukonzekeretsa. Ena amakwera phiri la Fuji, lotalika mamita 3,776, usiku kuti akaone dzuwa likutuluka ali pamwamba. Izi n'zabwino, koma ndi zimene mlendo aliyense amachita.

Ulendo umene umakhala pakamwa pa aliyense mu ofesi ndi wotuluka kunja. Japan ili pakhomo pa Asia yense. Kuchokera ku Shimonoseki kapena ku Fukuoka pali sitima zapamadzi zowoloka kupita ku Busan, ku South Korea. Ya ku Shimonoseki imanyamuka madzulo, munthu n'kugona pamphasa pamodzi ndi amalonda, m'mawa n'kudzuka ali ku Korea. Kuyambira mu 2012, pamene kampani za ndege zotsika mtengo monga Peach zinayamba kuuluka kuchokera ku Osaka, mizinda ya Seoul, Taipei ndi Hong Kong inasanduka malo opitako kumapeto kwa sabata. Chaka chomwecho Japan inafewetsa lamulo kuti mlendo wokhala m'dzikolo azitha kutuluka ndi kubwerera pasanathe chaka popanda kukagula chilolezo chapadera. Nyengo ya chisanu ikafika, chipale chofewa chitatseka misewu ya kumpoto ndipo nyumba zikuzizira mpaka m'mafupa, gulu lalikulu limathawira kumwera kotentha: Thailand, Vietnam, Philippines, Cambodia. Kumeneko ndalama ya Japan imalemera. Ndalama imene ku Osaka ndi ya mbale imodzi ya chakudya, ku Hanoi kapena ku Siem Reap imadyetsa munthu tsiku lonse.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene chimandipweteka mumtima. Chimene chamunyamula mwanayu kuchoka kwawo, kumupatsa nyumba ndi malipiro, n'kumufikitsa ku magombe a Thailand, kwenikweni si ukadaulo wa uphunzitsi. JET imafuna digiri ya phunziro lililonse. Satifiketi ya uphunzitsi ndi yongowonjezera mwayi. Chimene chamunyamula ndi chiyankhulo chimene anayamwira ndi pasipoti imene anabadwira. Ku South Korea, komwe kuli pulogalamu yofanana nayo yotchedwa EPIK kuyambira mu 1995, nkhaniyi inachita kulembedwa m'malamulo. Viza ya E-2 ya ophunzitsa Chingerezi imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko asanu ndi awiri: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mphunzitsi wa ku Malawi kapena ku Zambia amene anaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, n'kutenga digiri ya maphunziro ku Chancellor College kapena ku UNZA, n'kuphunzitsa galamala zaka khumi m'kalasi ya ana 90, sali pa mndandandawo. Mwana wa ku Leeds amene anaphunzira za miyala ndipo sanagwirepo choko, ali pomwepo. Sindikuwada anawa. Mwayi ukakugwera umautola. Koma woyenda ndi mwayi wotere ayenera kudziwa kuti akuyenda ndi mwayi, ndipo kudziwa kumeneko kuyenera kuoneka m'mayendedwe ake akafika kwa anthu osauka kuposa iye.

Palibe malo amene nkhaniyi imaonekera bwino kuposa ku Cambodia.

Chimene chimawakokera kumeneko ndi Angkor Wat, kachisi wamkulu wamiyala amene mfumu Suryavarman II inamanga m'zaka za m'ma 1100, pafupi ndi tawuni ya Siem Reap. Tikiti ya tsiku limodzi ndi madola 37 a ku America, ndipo anthu amadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti akajambule nsanja zake dzuwa likutuluka. Akachoka kumeneko ambiri amatsikira ku likulu, Phnom Penh, n'kukalowa ku Tuol Sleng. Munthu wogwira ntchito pasukulu akangolowa pachipata amazindikira msanga: nyumba zosanjikizana zokhala ndi makonde aatali, zipinda zofanana kukula, bwalo pakati. Inali sukulu ya sekondale. Boma la Khmer Rouge, limene linalamulira kuyambira mu 1975 mpaka mu 1979, linaisandutsa ndende yotchedwa S-21. M'makalasi anamangamo tizipinda ta njerwa tothina, ndipo anthu oposa 12,000 anadutsa m'menemo, kuzunzidwa, kenako kukaphedwa; opulumuka anali owerengeka pa zala. Mkulu wa ndendeyo, Kaing Guek Eav, wodziwika ndi dzina loti Duch, poyamba anali mphunzitsi wa masamu. Khoti linamupeza wolakwa mu 2010, linamulamula kukhala m'ndende moyo wonse mu 2012, ndipo anamwalira mu 2020. Ulamuliro umenewo unkasaka anthu ophunzira, aphunzitsi ali m'gulu lomwelo, ndipo pamene unkagwa masukulu a dzikolo anali atatsala opanda owaphunzitsa.

Wachinyamata wamtima wabwino akatuluka pamalo otere amafuna kuchitapo kanthu, lero lomwelo. Ndipo panja pamakhala pali omuyembekezera. Kwa zaka zambiri m'nyumba zogona alendo za ku Siem Reap ndi Phnom Penh munkakhala timapepala toitanira alendo kuti akacheze kumalo osungira ana amasiye, akaphunzitse Chingerezi tsiku limodzi kapena sabata imodzi, akaone ana akuvina magule amakolo, asiye chopereka. Kwa mphunzitsi wa Chingerezi amene ali pa tchuthi, izi zimaoneka ngati zomukonzera iye. Ali ndi luso, ali ndi masiku asanu, ana akufuna thandizo. Cholakwika n'chiyani?

Cholakwika chinaululika mu 2011, pamene kafukufuku wa boma la Cambodia mothandizidwa ndi UNICEF anasonyeza kuti malo osungira anawa anachuluka ndi 75 peresenti pakati pa 2005 ndi 2010, nthawi imene ana amasiye enieni sankachuluka choncho, ndiponso kuti pafupifupi ana atatu mwa anayi alionse okhala m'menemo anali ndi kholo lamoyo. Anali ana a anthu osauka, otengedwa kumidzi ndi lonjezo la sukulu yabwino. Alendo ankabweretsa ndalama, ndipo ndalama inkafuna ana oti alendo aziwaona. Malo ena ankasiyidwa dala osakonzedwa kuti mlendo agwidwe chisoni. Mwana ankazolowera mlendo wa sabata ino, kumukumbatira, kulira akamachoka, Lolemba n'kuyambiranso ndi wina. Ndipo Chingerezi chimene ankaphunzira chinali chomwechomwecho: moni, mitundu, manambala mpaka khumi, sabata ndi sabata, chifukwa mlendo aliyense ankayambira tsamba loyamba. Mu 2011 momwemo bungwe la Friends-International linayambitsa kampeni youza alendo kuti ana si malo okopa alendo, ndipo mu 2018 Australia inafika pozindikira kuti kutenga ana kuwaika m'malo otere pofuna phindu ndi mtundu wa ukapolo wamakono.

Pali mtsikana mmodzi amene nkhani yake ndimaiona ngati galasi la zonsezi. Daniela Papi, wa ku America, ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan. Mu 2005 iye ndi mnzake anakonza zoyenda pa njinga zakapalasa kudutsa Cambodia, ndipo anasonkhetsa ndalama zomangira sukulu ku Chanleas Dai, mudzi wa m'chigawo cha Siem Reap. Ndalama zinapezeka, nyumba inamangidwa, ndipo pamenepo panabadwa bungwe lotchedwa PEPY. Nkhaniyi ikanathera pamenepa ikanafanana ndi zikwi zina zimene timaziona pa Facebook: chithunzi cha mzungu pakati pa ana akumwetulira, kumbuyo kuli khoma lopakidwa penti watsopano. Koma iye anatsalira ku Cambodia pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kutsalako kunamuonetsa zimene mlendo wa sabata imodzi saziona. Anaona kuti makoma saphunzitsa mwana. Kumene kulibe aphunzitsi okwanira ndi ophunzitsidwa bwino, kumene mphunzitsi salandira ndalama yomukwanira, kalasi yatsopano imangokhala chipinda chopanda kanthu. Anaonanso kuti magulu a alendo amene ankabwera nawo kudzathandiza kwa masiku ochepa nthawi zambiri ankagwira ntchito zimene eni mudzi akanazigwira bwino kuposa iwo. Sanabise. Anayamba kunena poyera kuti iye mwini analakwitsa, kuti anabwera kudzathandiza asanaphunzire, ndipo mu 2018 analemba limodzi ndi anzake buku lotchedwa Learning Service, lolimbikitsa achinyamata kuti aziyamba ndi kuphunzira za malo ndi anthu ake asanaganize zothandiza. Bungwe lija linasintha njira, linaika mphamvu pa aphunzitsi ndi achinyamata a m'deralo, ndipo lero likuyendetsedwa ndi anthu a ku Cambodia eni ake.

Ndimamulemekeza mtsikanayu, osati chifukwa cha sukulu imene anamanga, koma chifukwa anakhala nthawi yokwanira kuti aone zolakwa zake, ndipo anazivomera pagulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amene amapita ndi mtima ngati wake amachoka Lachisanu asanaone kalikonse, ndipo amafika kwawo akukhulupirira kuti asintha miyoyo.

Tsono ulendo wabwino ndi wotani? Yankho ndimalipeza pa mwambo wina wa ku Japan umene Mmalawi aliyense angaumvetse popanda womasulira. Umatchedwa omiyage. Munthu akachoka pa ntchito kupita ku ulendo, sabwerera chimanjamanja. Amagula bokosi la tizakudya totchuka ta komwe anapitako, chilichonse chokulungidwa pachokha, n'kuika kamodzi pa desiki ya mnzake aliyense. M'masiteshoni ndi m'mabwalo a ndege muli masitolo ogulitsa zimenezi zokhazokha, ndipo pa bokosi amalembapo kuti muli zingati, kuti munthu awerenge ngati zikwanire ofesi yonse. Tanthauzo lake ndi loti: ndinachoka, inu munatsala mukugwira ntchito, ndinkakukumbukirani. Ndi chimodzimodzi ndi buledi ndi shuga zimene wobwera ku Joni amatsitsa m'basi, kapena usipa umene wochokera ku Mangochi amagawira anansi. Mphunzitsi wachilendo amene amaiwala omiyage palibe amamudzudzula, koma amene wakumbukira amaona nkhope za anzake zikumasuka. Mphunzitsi wa sayansi amene sanamuyankhulepo chaka chonse amabwera ndi kabisiketi ka ku Taiwan m'manja, n'kufunsa kuti kunali bwanji.

Omiyage yeniyeni, komabe, ndi imene imalowa m'kalasi. Ana ambiri akumidzi ya ku Japan sanatulukepo m'dziko lawo, ndipo m'maganizo mwawo Chingerezi ndi chiyankhulo cha azungu a ku America, cholembera mayeso olowera ku sekondale. Mphunzitsi akabwera ndi ndalama zapepala za ku Vietnam n'kuzipereka kuti ana azigwire, akaonetsa chithunzi cha woyendetsa tuk-tuk wa ku Siem Reap n'kunena kuti bamboyu ndinkayankhula naye Chingerezi, ndipo anachiphunzira yekha pomvetsera alendo, anawo amaona china. Amaona kuti chiyankhulochi ndi mlatho wa pakati pa Mjapani ndi Mthai, pakati pa Mkoreya ndi Mfilipino, ndiponso kuti munthu angathe kuchiyankhula ndi kalankhulidwe ka kwawo popanda manyazi. Mphunzitsi amene anaima ku malire a Korea ziwiri, pa mpata wa makilomita anayi umene unasiyidwa nkhondo itaima mu 1953, ali ndi chonena kwa ana amene amangomva za North Korea pa nkhani za mizinga. Izi ndi zimene boma la Japan linkafuna mu 1987, ndipo zimachitika pokhapokha ngati woyendayo anatsegula maso ndi makutu, osati kamera yokha.

Palinso ena amene tchuthi chawo amachithera pomwepo pamudzi, ndipo sindikufuna kuwaiwala. Amavala zovala za chikondwerero n'kunyamula nawo kachisi wamng'ono pamapewa m'misewu ya tawuni, amathandiza kudzala mpunga m'munda wa agogo oyandikana nawo, amaitanidwa kukadya kunyumba kwa makolo a ana awo a sukulu. Pa 11 Malichi 2011, chivomezi chachikulu ndi mafunde a tsunami zitakantha kumpoto chakummawa kwa Japan, aphunzitsi awiri a JET ochokera ku America anafa pamodzi ndi anthu a m'matawuni awo, mmodzi ku Ishinomaki, wina ku Rikuzentakata. M'miyezi yotsatira, anzawo ambiri anapereka Golden Week ndi tchuthi cha chilimwe kukafosholo matope m'nyumba za anthu a ku Tohoku, dera limene linakanthidwalo. Kumeneko kunali kuthandiza koyenera, chifukwa linali dziko limene ankakhalamo, chiyankhulo ankachimva, ndipo ankagwira ntchito imene eni dera awauza.

Nkhaniyi ndi ya ku Asia, koma ife sitili kutali nayo, chifukwa ndife olandira alendo oterewa kuyambira kale. Achinyamata a Peace Corps anayamba kufika kuno mu 1963, dziko lisanalandire ufulu. Mmodzi mwa oyambawo anali Paul Theroux, amene anaphunzitsa Chingerezi ku Soche Hill, n'kuthamangitsidwa mu 1965 atakhudzidwa ndi nkhani za otsutsana ndi boma la Dr Banda. Pambuyo pake anakaphunzitsa ku Makerere ndi ku Singapore, ndipo anatchuka ndi buku la ulendo wa pa sitima, The Great Railway Bazaar, la mu 1975, ulendo umene unamufikitsa mpaka ku Japan. Nayo Japan yakhala ikutumiza achinyamata ake odzipereka ku Malawi kuyambira mu 1971, ndipo dziko lathu ndi limodzi mwa amene alandira ambiri zedi padziko lonse. Ambiri a ife amene tinadutsa ku sekondale tikukumbukira mphunzitsi wachilendo wa masamu, sayansi kapena Chingerezi, amene teremu ikatha ankanyamula chikwama chachikulu kumsana kupita ku Nkhata Bay, ku Cape Maclear, kukwera Ilala, kapena kuwoloka malire kupita ku Zanzibar ndi ku Victoria Falls. Amene ankakhala zaka ziwiri, kuphunzira Chichewa kapena Chitumbuka, kupita kumaliro ndi kudya nsima ndi manja, timawakumbukira ndi mayina mpaka lero, ndipo ena a iwo anatula ana athu pa njira ya ku yunivesite.

Koma tilinso ndi alendo a mtundu wina uja, a sabata imodzi, ndipo akuchuluka. Amafika pa minibasi, amaimitsa maphunziro kuti ana awaimbire, amalowa m'kalasi ya Sitandade 4 n'kuphunzitsa mitundu ndi manambala pamene mphunzitsi wa kalasiyo, wophunzitsidwa ku TTC, waima pakhomo. Amanyamula makanda a kumalo osungira ana n'kuwajambula popanda kupempha kwa aliyense. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mwana amene wazolowera kukumbatiridwa ndi kusiyidwa amatsala ndi bala. Zimene Cambodia inaziphunzira mowawa tingathe kuzipewa.

Aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu, mafumu ndi oyang'anira malo osungira ana, mlendo wachinyamata akafika pachipata chanu ali pa tchuthi, mulandireni bwino monga mwa chikhalidwe chathu. Mupatseni mpando, mumuonetse mudzi, adye nanu. Koma musanamupatse choko, mufunseni kuti akhala nthawi yaitali bwanji, anaphunzira chiyani, ndipo kwawo angaloledwe kulowa m'kalasi ya ana popanda womufufuza. Ngati wabwera kwa masiku atatu, akhale kumbuyo kwa kalasi, aone mmene mphunzitsi wathu amaphunzitsira ana 90 ndi buku limodzi, ndipo zimenezo akazifotokoze kwa ana ake a sukulu akabwerera.